Zilema Zonse za Tauni Yathu

12 Malichi

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamtsikana kako. Ife kuno tilipo, kupatula nkhani ya maso a Bambo imene yandigwiritsa bolopeni lero.

Lachiwiri ndinawaperekeza kwa dokotala wa maso. Sindikubisira kanthu. Ndine nesi, ndiye ndinamva zimene dokotala ananena ndi zimene anangozimeza. Diso lakumanzere lapita, silibwereranso. Lakumanja likuonabe, koma ngati munthu wosuzumira mu paipi: chimene chili kutsogolo kwenikweni amachiona, cham'mbali ayi. Paipiyo ikunka ichepa, ndipo mankhwala odontheza akungochedwetsa. Dokotala anati ngati kuli kumene akufuna kukaona, apite msanga.

Kuntchito andilola tchuthi mu Meyi, kamodzi kokha, ndiye ulendo ndi umodzi. Bambo aang'ono akuwaitanira kumzinda waukulu, akuti akawaonetsa nyumba zosanja ndi masitolo owala. Ine ndikufuna abwere kwa iwe. Chiyambire pamene Amayi anatisiya sanatulukepo m'tauni muno, ndipo mwana wako amangomudziwa pa chithunzi chija ali wakhanda, pamene lero ndi mtsikana wa pasukulu.

Koma ukuwadziwa. Nditati, "Tiyeni kunyanja," iwo anati, "Kuli chiyani kumeneko choti munthu atherepo diso lake lomaliza?" Akuti Sipanala alembe yekha, awauze ngati tauni yakeyo ndi yoyenera kuiyendera. Inde, akukutchulabe Sipanala, ngati ukadali kamwana kowapatsira zida mu shopu ya makina osokera. Lemba msanga, ndipo ulembe bwino. Wowerenga ndidzakhala ine, chifukwa zilembo za bolopeni zikuwavuta tsopano.

Amalume a Lumo akupereka moni. Bambo amaswera mu shopu yawo yometeramo, kutsutsana ndi wailesi tsiku lonse.

Ndine mkulu wako.

25 Malichi

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wochokera kwa ine, mkamwini wanu ndi mdzukulu wanu. Mwadzuka bwanji? Nkhani ya maso ndaimva, ndalira, ndapukuta misozi. Tsopano ndiyankhe funso lanu monga mmene tinkachitira mu shopu.

Ulendo wake ndi wotopetsa. Basi imakusiyani pamphambano, ndiye mumadikira kagalimoto kena kamene sikanyamuka kasanadzaze, ndipo chitseko chake amachita kumanga ndi chingwe. Msewu wotsikira kunyanja uli ndi maenje oti mbuzi ikagweramo mumangomva kulira.

Tauniyo ndi msewu umodzi basi. Mukaima pa positi ofesi mumaona pamene yathera. Foni ya papositipo inafa chaka chatha, anangoiphimba ndi kansalu kuti isalowe fumbi. Dzuwa likafika pamutu masitolo onse amatseka, eni ake n'kukagona pansi pa mitengo ya kokonati, ndipo mukafuna singano nthawi imeneyo mudikira mpaka adzuke okha. Magetsi amabwera akafuna. Udzudzu wa kuno ndi wonenepa. Kumapeto kwa gombe, kumene asodzi amatumbulira nsomba, kumanunkha mphepo ikachokera kumeneko, ndipo imachokera kumeneko kawirikawiri.

Mpweya ndi wamchere, umadya chitsulo. Makina munandipatsa aja ndimawathira mafuta m'mawa uliwonse, apo ayi chopondera chimayamba kulira ndipo dzimbiri limamera ngakhale pa bobini. Komabe akusoka. Ndimasoka makatani a nyumba za alendo ndi malona ophimbira maboti, ndipo lona limandithyolera singano mpaka ndimatukwana chamumtima.

Nyanjayo ndi madzi basi. Nthawi zina imathawira kutali, kusiya matope ndi nkhanu, kenako n'kubwerera ngati yaiwala kanthu. Alendo ndi ochepa. Amene amabwera amangokhala pampando n'kumayang'ana madziwo, ena amachoka m'mawa mwake akuti kulibe chochita. Sanama.

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri. Denga limadontha pakona ya chipinda chimene mungagone, koma bedi tinalisuntha. Mkamwini wanu amakonza injini za maboti, salankhulalankhula, ndipo manja ake sayera ngakhale asambe ndi mchenga. Mdzukulu wanu amayamba mafunso akangotsegula maso, sakhazikika, ndipo yankho loyamba silimukwanira.

Zilema ndi zimenezo, sindinabisepo ngakhale chimodzi. Mtengo wake mukuudziwa kale, ndiye ganizani nokha.

Ndine mwana wanu,
Sipanala

9 Epulo

Iwe,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga suli m'malo. Mwana ali bwanji?

Kalata yako inafika. Ndinayamba ndaiwerenga ndekha kukhitchini, ndipo ndinachita kukhala pansi. Ndinakupempha kuti uitane bambo ako, iwe n'kulemba za udzudzu ndi matumbo a nsomba? Ndani angakwere basi tsiku lathunthu kuti akagone pansi pa denga lodontha? Ngati sukufuna alendo ukanangonena, m'malo mozungulira chonchi.

Ndinawawerengerabe madzulo titatha kudya, ndipo ndinayesetsa mbali yanga. Anamvetsera ataweramitsa mutu, osandidula ngakhale kamodzi, zimene si khalidwe lawo. Nditamaliza anati, "Walemba Sipanala zimenezo?" Ndinati inde. Iwo anati, "Ukawauze bambo ako aang'ono kuti tipita kumzinda," n'kudzuka, kupapasa khoma, kukalowa kuchipinda. Kuchokera tsiku limenelo dzina lako sakulitchula.

Ndachonderera, akana kwamtuwagalu. Chodabwitsa n'chakuti za kumzindazo sakuzikonzekeranso. Ndikatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati amati ndiibwezere pomwepo. Meyi akuyandikira, ndipo akuluakulu a kuntchito akundifunsa tsiku lenileni, chifukwa pali anzanga amene akulifunanso tchuthilo.

Ndiuze zoona. Kodi ndi alamu amene sakufuna? Yankha msanga, chifukwa diso silikudikira iwe kapena ine.

Mkulu wako.

6 Meyi

Sipanala,

Akulemba ndi a Lumo, ine ndikungolankhula. Ndasankha iwo chifukwa sindikufuna mkulu wako amve ndikukukalipira. Uli bwanji? Mwana ali bwanji? Sindikufunsa mwachizolowezi, ndikufuna yankho. Mkulu wako akuti mwezi watha uli chete.

Zaka zonse unakhala pambali panga mu shopu, unandionapo ndikutamanda makina amene ndikugulitsa? Munthu akabwera ndinkamuuza kuti lamba ndi wotha, ulusi umakodwa pansi, nsalu yokhuthala sakoka. Akagula ankagula akudziwa, ndipo sankabwerera ndi ndewu. Nanga wina akandibweretsera makina n'kumati, "Awa ndi atsopanotu, mayi anga sanawapondepo," tinkatani? Tinkayang'anana iwe ndi ine, n'kumuuza kuti apite nawo kwina. Unali ndi zaka zochepa koma unkadziwa kale kuti pansi pa penti yatsopano pali mng'alu.

Ndiye iwe lero undilembere kuti mchenga wake ndi wofewa ngati ufa, kamphepo kayaziyazi tsiku lonse, msewu wosalala, anthu onse ansangala, nyumba yako yotakasuka ngati hotela? Osatchula ngakhale chilema chimodzi! Poyamba ndinamva manyazi, kenako mantha. Ndinati mwana wangayu akundigulitsa makina akufa. Kaya mwamunayo akukuzunza, kaya mukugona ndi njala, kaya mwanayo akudwala, iwe waganiza zondiphimba m'maso poti masowo ndi otha kale. Ine sindingawononge diso langa lomaliza kukaona zopaka penti. Kunena zoona kumzindanso sindikufunako, ndinangonena popsa mtima.

Undiuze chimene chathyoka kumeneko. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukonza zinthu, sindingakomoke pomva.

Bambo ako

Mawu a ine wolemba: Mwana wanga, mnzangayu wawonda. Mwezi uno ndamumeta mobwerezabwereza ngakhale pamutupo palibe chometa, kungofuna kuti akhale pampando atulutse zakukhosi. Muyankhe mwaulemu koma mwachangu. Ndipo za hotelazo ngati ndi zoona, undisungire chipinda choyang'ana kumadzi. Amalume ako a Lumo.

17 Meyi

Achemwali,

Moni, ndipo pepani kuti ndinakhala chete. Kalata yanu inandilasa. Ndinaganiza kuti Bambo andikana nditawauza zoona zokhazokha, ndiye ndinkati ndikatenga pepala, mawu osabwera. Tonse tili bwino, ndipo alamu anu ndi amene anayamba kusuntha bedi, ndiye muwachotse pa mlandu.

Lero yafika ya Bambo, yolembedwa ndi Amalume a Lumo. Ndaiwerenga nditaima papositi pomwepo. Ndaseka mpaka wapapositi anatuluka kudzaona, kenako ndalira mpaka anabwerera mkati.

Mchenga wofewa ngati ufa? Hotela? Achemwali, munawerenga kalata yanga kapena munapeka yanu? Msewu wosalalawo uli kuti kuti nanenso ndizidzerako?

Si mlandu wanu kuti simukudziwa. Pamene inu munali ku sukulu yogonera komweko, ine ndinali pansi pa tebulo la Bambo ndikutola masikuluwu. Bambo munthu akawatamandira chinthu amathawa, akawauza zilema amayamba kupisa m'thumba. Kalata ija inali kuitana kwanga konse, ndi mtima wanga wonse. Ndinatha sabata ndikusonkhanitsa zilemazo, mpaka ndinafunsa alamu anu ngati ndaiwalako china, ndipo za foni yakufa anandikumbutsa ndi iwo. Tsopano Bambo akuganiza kuti ndikumenyedwa kuno, zonsezi chifukwa cha kamphepo kayaziyazi kanu.

Sindinakukwiyireni. Ndikudziwa kuti munkafuna chimene ndinkafuna. Inu ndi amene mumawadontheza mankhwala, inu ndi amene mumawaperekeza kuchipatala, ine ndimangolemba makalata. Koma chonde, tengani kalata yanga ija, ngati simunaiponye pamoto, mupite nayo kwa Amalume a Lumo awawerengere momwe ilili, udzudzu ndi zonse. Inuyo musakhalepo, mungayambenso kukonza.

Diso lili bwanji? Mundiuze popanda kuthira shuga.

Ndine mng'ono wanu.

30 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni kwa nonse, makamaka alamu amene ndinawaganizira zoipa. Undipepesere kwa iwo.

Inde, ndinaikometsera. Pamene unalemba maenje ine ndinathira phula, pamene unalemba fungo ndinaika kamphepo. Undimvetse, ntchito yanga ndi kuuza anthu tsiku ndi tsiku kuti jakisoni sapweteka. Ndinaona ngati ndikukupulumutsa.

Kalatayo ndinapita nayo. Sindinakumvere, ndinaima pakhomo. Amalume a Lumo anaiwerenga ndi mawu a pa wailesi, makasitomala ali pamzere, wina ali ndi thovu kumaso. Atafika pa mbuzi yogwera m'dzenje, Bambo anadzimenya pantchafu. Atafika pa dzimbiri anawadula, akuti, "Akuthira mafuta anji? Asayerekeze ophikira." Atafika pa denga lodontha anati, "Ameneyo ndiye mwana wanga." Anawauza kuti abwerezenso kuyambira pamwamba, ndipo wathovu uja anadikira osadandaula. Pomaliza anati, "Tauni imeneyi ndi yogulika. Tsitsani sutikesi."

Tsopano zopanda shuga. Tchuthi changa chinapita, anapatsa mnzanga poona kuti sindikutchula tsiku. Ndipo dzulo dokotala wayeza, paipi ija yachepanso. Miyezi iwiri imeneyi yadya mbali ya diso la Bambo, ndipo amene ndinaitaya ndine. Zimenezi zikundiwawa kwambiri, sindikudziwa kuti ndiziika pati.

Sangadikire kuti ndipeze tchuthi china. Amalume a Lumo atseka shopu, awaperekeza ndi iwo, anyamuka Lachisanu likubwerali. Mankhwala ndaika m'thumba la mkati la sutikesi, dontho m'mawa, dontho madzulo, ngakhale akane. Poyenda uziwachenjeza za masitepe ndi zinthu zam'mbali, koma usawakoke dzanja, amadana nazo.

Ineyo sanandikalipire. Anangondipeza pakhomo paja n'kunena kuti, "Anesi, mumanama mokoma." Bola akanandikalipira.

Mkulu wako.

16 Juni

Anesi, mwana wanga,

Akulemba Sipanala, ndipo ndamuuza kuti akasintha mawu anga ndidzadziwa. Uli bwanji? Ukudya? Nyumba yopanda munthu wokangana naye ikukoma?

Tinafika bwino. Chingwe cha chitseko chija chinaduka panjira, a Lumo anagwirira chitsekocho ndi manja mpaka kutsika, ndipo mpaka lero akufotokozera aliyense. Udzudzu mng'ono wako anauchepetsa pofotokoza. Chilema china anachiiwala: aneba ali ndi tambala amene sadziwa nthawi. A Lumo hotela yawo sanaipeze, koma aika mpando pansi pa mtengo, akumeta asodzi, ndipo za kubwerera sakuzitchula.

Mkamwini ndi munthu. Tsiku loyamba ananditengera kumene amakonzera injini, natenga manja anga n'kuwaika pa chitsulo chimene chinamuvuta. Tinaswera komweko. Mawu amene tinalankhulana sangadzaze mzere umodzi wa kalatayi, koma ndinabwerako nditadziwa kuti mwana wanga ali pabwino. Makina ake osokera aja ndawamasula ndawamanganso, akuthira mafuta oyenera.

Nyanja sindingaione yonse nthawi imodzi. Ndimaima pagombe m'mawa n'kumatembenuza mutu pang'onopang'ono, ngati ndikusoka msoko wautali: apa boti, apa mbalame, apa madzi okhaokha, apanso madzi. Kukula kwake ndakumva ndi makutu. Sindinadziwe kuti madzi angalankhule tsiku lonse osatopa, kuposa a Lumo.

Funso langa lija ndadziyankha ndekha. Munthu wofuna magetsi ndi phokoso asavutike kubwera kuno, angotaya nthawi yake. Koma ine, tauni ya msewu umodzi ndi imene ndinkaifuna osadziwa. Palibe wondigunda, palibe galimoto yondiimbira hutala. Lachitatu ndinachoka kunyumba mpaka ku shopu imene Sipanala amasokeramo ndekha, popanda wondiperekeza, ndipo wogulitsa buledi anangofuula kuti, "Agogo, dzenje kumanzere!" Papita nthawi yaitali ndisanayende ndekha. Ndinayenda pang'onopang'ono, koma ndinafika.

Tsopano iwe. Ndamva kuti ukudziimba mlandu chifukwa cha miyezi ija. Usiye zimenezo, ndakulamula. Amene anakana kutsitsa sutikesi ndine, ndi liuma langa. Iwe wandisamala chiyambire, wandidontheza mankhwala ndikukulalatira, ndipo unanama chifukwa unkafuna kuti ndifike kuno. Ndili ndi mwana wonena zoona ndi mwana wonama mokoma, ndipo onse awiri ankandikokera kumalo amodzi. Ndikuthokoza. Sindinazolowere kunena mawu amenewa, ndiye uwasunge.

Chomaliza ndi ichi. Dzulo m'mawa ndinali pakhonde, dzuwa lili kumbuyo kwanga. Mdzukulu wanga anabwera n'kundifunsa chifukwa chake ndimatembenuza mutu ngati nkhuku. Ndinamufotokozera za paipi. Iye anati, "Ndiye ndiime pati kuti mundione?" Ndinamugwira mapewa, kumusendeza kumbuyo pang'ono, pang'ononso, mpaka nkhope yake yonse inakwana. Anesi, mwanayu akamamvetsera amakweza nsidze imodzi, yakumanzere, ndendende ngati mmene amayi ako ankachitira ndikamawauza zimene sakuzikhulupirira. Palibe anandiuza zimenezi. Sipanala akuti anali asanazindikire, ndipo pano akulemba akupukuta mphuno.

Ndinamuuza mwanayo kuti asasunthe. Mwana wosakhazikika ameneyu anaima chilili, osafunsa funso ngakhale limodzi, mpaka ine ndinati basi. Mdima ukafuna kubwera ubwere tsopano. Ndamuona ndi diso langa, ndipo ndamuona bwinobwino.

Bambo ako